Wotumidwa Ndiye Amagona M'selo

Ana anga a ku Chama, inu a kwa Kambombo, kwa Tembwe, kwa Chikwa, kwa Chifunda, kwa Chibale, kwa Lundu ndi kwa Mulilo, khalani pansi tikambe nkhani imene makolo ambiri amayamba kuikamba mwana atagona kale m'selo. Ndakalamba ndikuperekeza amayi olira ku polisi ndi ku khoti, ndipo chimene ndaona n'chakuti ana athu ambiri amene amamangidwa si mbava zokhwima ayi. Ndi ana otumidwa. Munthu wamkulu, wodziwa bwino kuopsa kwa chinthu, amachiika m'manja mwa mwana, iye n'kutsala kunyumba. Zikavuta, foni yake siipezekanso, ndipo mwanayo amakumana ndi lamulo ali yekhayekha, osadziwa choyankha, osadziwa chokana.

Tiyambe ndi thumba, poti mumalidziwa. Ndi thumba la saka lomangidwa ndi mphira pa kaliyala wa njinga. Pamwamba aikapo mpunga wosapuntha kapena makala, koma pansi pali nyama yowamba ya njati kapena ya nswala, ndipo ukayandikira fungo la utsi limamveka. Amene wakupatsa si mlendo. Ndi amalume ako, kapena bambo amene amakugulira makope nthawi zina, kapena mkulu wina amene umamusirira chifukwa ali ndi njinga yamoto. Amakudzutsa tambala asanalire n'kukunong'oneza kuti, “Kangosiya kwa uje pa Boma, ukabwera ndikupatsa ya sopo. Iwe ndiwe mwana, sangakumange.”

Mawu otsirizawo ndi bodza, ndipo wokuuzayo akudziwa kuti ndi bodza. M'dziko la Zambia, mwana amene sangaimbidwe mlandu ndi wosakwana zaka 12. Kale malire ake anali zaka 8, ndipo anawakweza mu 2022. Ukangokwanitsa zaka 12, apolisi akhoza kukugwira, khoti likhoza kukuzenga, ndipo ukhoza kuchotsedwa pakhomo pa amayi ako kwa nthawi yaitali.

Dera lathu lili m'chigwa cha Luangwa, pakati pa nkhalango ya North Luangwa kumadzulo ndi ya Vwaza Marsh ya ku Malawi kum'mawa, ndipo midzi yathu yambiri ili m'dera losungira nyama la Musalangu. Lamulo la nyama zakutchire la mu 2015 ndi laukali: munthu wamkulu wopezeka ndi minyanga ya njovu amapatsidwa zaka 5 mpaka 10 m'ndende, popanda mwayi wolipira chindapusa. N'chifukwa chake akuluakulu amafuna kuti asenze ndi mwana. Oteteza nyama, amene tikuwatchabe a ZAWA ngakhale kuti ntchitoyo tsopano ili m'manja mwa nthambi ya boma ya DNPW, akakumana nawe panjira amagwira amene ali ndi thumba. Amene anatcha waya ndi amene anawombera gogodera amakhala ali m'tulo kwawo.

Sindikuchepetsa mavuto anu. Ndikudziwa kuti njovu zimatha kumaliza dimba la mpunga usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake amayi ako amangoima m'matope manja ali m'khosi. Ndikudziwa kuti mtsinje ukasefukira umatenga chimanga, njala n'kulowa m'nyumba, ndipo pa nthawi yotero ndalama ya sopo imaoneka yaikulu. Mkwiyo umenewo uli ndi chifukwa chake. Koma thumba lija silibweza mpunga wodyedwa. Limangowonjezera chisoni china: banja limene linataya mbewu limatayanso mwana amene akanalima chaka chamawa.

Thumba silikhala la nyama nthawi zonse. Nthawi zina ndi kapulasitiki ka chamba koti ukapereke kwa kondakitala wa basi ya ku Lundazi, ndipo a DEC, olimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, akakupeza nako safunsa ngati umasuta kapena ayi. Nthawi zina ndi foni yokongola imene mnzako akuti, “Ndisungire mpaka mawa,” kapena mbuzi yoti uikoke usiku kupita nayo mudzi wina. Kusunga chinthu chakuba ukudziwa kapena ukukayikira kuti n'chakuba ndi mlandu pawokha. Ndipo inu okhala kufupi ndi malire, kumbukirani kuti ukadumphira ku Rumphi kapena ku Mzimba ndi katundu wotere, umagwa m'lamulo la ku Malawi, kumene mwana wa zaka 10 akhoza kuimbidwa mlandu, ndipo malo osungirako ana olakwa ali kutali kummwera, ku Chilwa ku Zomba ndi ku Mpemba ku Blantyre. Njira zachidule za m'tchire zimene mumadutsa popita kwa azakhali anu sizichotsa malirewo.

Chovuta pa zonsezi n'chakuti tinakulerani tokha kuti mwana sakana kutumidwa. Ndi mwambo wabwino, ndipo ndi umene umachititsa kuti nkhalamba isagone ndi ludzu. Koma anthu oipa amadziwa kuugwiritsa ntchito. Choncho ndikukupatsani chilolezo, ine mkulu wanu, chofunsa musananyamule. Gwada ngati mwa nthawi zonse, lankhula mwaulemu: “Pepani amalume, mukatunduyu muli chiyani? Timasule ndione.” Ngati akana kumasula, pitiriza: “Ndiye tiyeni tonse, inu mutsogole.” Wa katundu wabwino samasowa mtendere ndi mafunso amenewa. Wa katundu woipa amakwiya, amakutcha wamwano, amati wakula mtima chifukwa cha sukulu. Mkwiyo wakewo ndiye yankho lako. Bola akutche wamwano sabata imodzi kusiyana n'kukhala miyezi pa rimandi. Ukaopa kukana wekha, thawira kwa amayi ako, kwa aphunzitsi kapena kwa a nduna a mfumu, uwauze zimene wapemphedwa. Pali nambala yaulere ya ana, 116, imene ungaimbe ngakhale foni ilibe ndalama.

Pali mlandu wina umene sufuna thumba, ndipo anyamata ambiri saudziwa mpaka utawagwera. Gawo 138 la malamulo a milandu likuti kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu waukulu, ndipo kwa munthu wamkulu chilango chake chimayambira pa zaka 15. Kunena kuti “anavomera yekha” kapena “ndi chibwenzi changa” sikuchotsa mlandu. Iwe mnyamata wa zaka 17, mtsikana wa giredi 8 uja ndi mwana pamaso pa lamulo, ndipo amene akukulimbikitsa kuti uonetse uchamuna sadzakhalapo tsiku la khoti. Iwe mtsikana, lamulo limeneli analiika kuti likuteteze; wina akakukakamiza, kaya ndi mnyamata kaya ndi bambo waulemu wake, kanene ku ofesi ya Victim Support ku polisi. Mbuzi zimene makolo amalipirana kuseri sizitseka nkhani yotere, ndipo kukwatitsa mwana kuti manyazi athe n'koletsedwa: kuyambira mu 2023, ukwati uliwonse, ngakhale wa chikhalidwe chathu, sungachitike munthu asanakwanitse zaka 18.

Tsopano tinene kuti tsoka lagwa. Wagwidwa, kaya unalakwadi kaya ayi. Mverani bwino apa, chifukwa mlandu wa mwana umawongoka kapena kupotoka pa tsiku loyamba.

Usathawe, usalimbane, usatukwane. Kuthawa kumasandutsa nkhani yaing'ono kukhala yaikulu, ndipo m'tchire muli mfuti. Ukafika pa kauntala adzakuuza kuti uvule lamba ndi nsapato, atenge zonse za m'thumba n'kuzilemba m'buku. Mtima udzagunda, pakamwa padzauma, ndipo udzafuna chinthu chimodzi chokha: kupita kwanu. Pa nthawi imeneyo ndi pamene uyenera kukumbukira kuti dziko lino lili ndi lamulo la ana, Children's Code Act, limene linakhazikitsidwa mu 2022 kulowa m'malo mwa lamulo lakale la mu 1956. Lamuloli likuti wa zaka 18 kapena kucheperapo ndi mwana; kuti kholo kapena womulera adziwitsidwe mwana akamangidwa; kuti a ofesi ya boma ya Social Welfare akhalepo pa nkhani yake; kuti asasakanizidwe ndi akaidi akuluakulu; ndiponso kuti kutsekera mwana kukhale njira yotsiriza, zina zonse zitakanika. Ndi lamulo labwino. Koma lili ngati bwato la pa Luangwa: lilipo ndithu pagombe, koma popanda wopalasa silikuwolotsa. Wopalasa woyamba ndiwe mwini.

Choyamba kutuluka pakamwa pako chikhale zaka zako zenizeni. “Bwana, ine ndili ndi zaka 15.” Nena momveka, ndipo pempha kuti azilembe. Ana ena amadziwonjezera zaka chifukwa cha manyazi, ena amangokhala chete wina n'kuwalembera 19 poona msinkhu ndi ndevu zoyamba. Nambala imodzi imeneyo ndiyo imasiyanitsa khoti la ana ndi khoti la akuluakulu. Ambiri kuno kwathu alibe chikalata cha kubadwa, koma pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi khadi ya kusikelo, ija yofiirira ndi utsi, yong'ambika m'mapindiro, imene amayi amaisunga m'pulasitiki pansi pa sutikesi limodzi ndi makadi a feteleza. Khadi imeneyo, kapena kalata ya ubatizo, kapena kaundula wa kusukulu, ikhoza kukupulumutsa. Dziwa lero kumene ili. Ukakwanitsa zaka 16, katenge chitupa chako cha NRC, ndipo uonetsetse kuti tsiku lobadwa alemba loona.

Chachiwiri, pempha kholo. Tchula dzina la mudzi, la mfumu, ndi nambala ya foni ya munthu wamkulu amene umamukhulupirira. Nambala imodzi yokha uisunge pamtima, chifukwa foni yako idzakhala ili m'kabati ya apolisi. Ena amabisa kwawo poopa kuti bambo adzawakwapula. Mwana wanga, ukali wa bambo ako umatha. Kukhala wekha m'manja mwa lamulo n'koopsa kuposa pamenepo. Ndipo nena mwaulemu kuti sungapereke sitetimenti mpaka kholo lako kapena a Social Welfare atafika.

Chachitatu ndi chilankhulo. Ife kuno timaganiza m'Chisenga ndi m'Chitumbuka, ena m'Chinyanja kapena m'Chibemba, koma mapepala a ku polisi ndi a ku khoti amalembedwa m'Chingerezi. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa woimbidwa mlandu ufulu wouzidwa mlandu wake m'chilankhulo chimene amamva, ndiponso wokhala ndi womasulira m'khoti popanda kulipira. Usagwedeze mutu pofuna kuoneka wophunzira. Chingerezi cha giredi 7 si Chingerezi cha malamulo. Usasaine, usadinde chala pa pepala limene sanakuwerengere m'chilankhulo chako. Safunsa anadya phula.

Musaganize kuti zimenezi zimachitikira ana a kumudzi okha. Mu 1989, mumzinda wa New York ku America, mayi wina anachitidwa chipongwe choopsa m'paki ya Central Park. Apolisi anagwira anyamata asanu a zaka 14 mpaka 16, anayi akuda ndi mmodzi wochokera m'banja la anthu olankhula Chisipanishi, dzina lake Raymond Santana, amene anali ndi zaka 14. Atafunsidwa mafunso kwa maola ambiri, anavomera zinthu zimene sanachite, ndipo pambuyo pake anafotokoza kuti ankaganiza kuti akanena zimene ofunsawo ankafuna, awalola kupita kwawo. Anakhala m'ndende zaka zambiri, mmodzi wa iwo pafupifupi zaka 13. Mu 2002 munthu wina, Matias Reyes, anaulula kuti anachita yekha, umboni wa DNA unagwirizana naye, ndipo khoti linafafaniza milandu ya anyamata aja. Unyamata wawo sunabwerere. Ngati zinatheka m'dziko la maloya ochuluka chotero, kuli bwanji kwa mwana wotopa, wanjala, amene akufunsidwa m'chilankhulo cha eni? Chimene sunachite usachivomere, ngakhale wina atakulonjeza kuti ukavomera ugona kwanu lero.

Koma ngati unachitadi, nena zoona kwa anthu oyenera: kholo lako, a Social Welfare, ndi loya. Boma lili ndi maloya othandiza osauka, a Legal Aid Board, ndipo uli ndi ufulu wopempha woweruza kuti akupezere thandizo limeneli. Nenanso amene anakutuma. Ndikudziwa kulemera kwake, makamaka akakhala wachibale. Adzakutumizira uthenga wakuti, “Usanditchule, ndikutulutsa.” Nthawi zambiri satulutsa munthu. Amene anakuika pa njinga usiku anasankha kale pakati pa iwe ndi iye mwini, ndipo sanasankhe iwe. Kumubisa si ulemu. N'kumupatsa mpata woti mawa atume mng'ono wako.

Choonadi chimatsegulanso khomo limene lamulo latsopano linaikira ana. Pa milandu ing'onoing'ono, makamaka ikakhala yoyamba, nkhani ikhoza kupatutsidwa kuti isapitirire m'khoti, njira imene a zamalamulo amaitcha diversion. Mwana amavomera kulakwa kwake mosakakamizidwa, kenako amachenjezedwa, kapena amapepesa, amabweza chimene anatenga, amalandira uphungu, kapena mabanja awiri amakhala pansi pamaso pa a Social Welfare. Akakwaniritsa zimene agwirizana, amapitiriza sukulu popanda dzina lake kulowa m'buku la opezeka olakwa. Si chachilendo kwa ife. Makolo athu akhala akuthetsa nkhani za nkhuku ndi za mbewu pabwalo la mfumu kuyambira kale. Uza makolo ako afunse molimba mtima kuti, “Kodi nkhani ya mwanayu singapatutsidwe?” Auzenso kuti bondi ya ku polisi ndi yaulere. Asagulitse mpunga wa chaka chonse kuti apatse munthu wa pakhonde amene akuti amadziwana ndi mabwana. Ndalamayo imapita, mlandu n'kutsala, ndipo kupereka chiphuphu ndi mlandu winanso.

Ndikulimbikira za tsiku loyamba chifukwa ndikudziwa zimene zili kutsogolo kwake. Pa rimandi, masiku amatalika. Mlandu umaimitsidwa chifukwa mboni sinabwere, kapena lipoti la a Social Welfare silinafike, kapena galimoto yasowa, pakuti misewu yathu nthawi ya dzinja mumaidziwa. Amayi ako amayenda ulendo wautali ndi nsima m'kakontena, ndipo pakhomo amauzidwa kuti ayambe alawa okha asanakupatse. Amalawa akukuyang'ana, akuyesetsa kuti usaone misozi. Mu 2010 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la ndende za m'Zambia, ndipo linapeza kuthinana koopsa, matenda a TB, ndi ana osungidwa pamodzi ndi akuluakulu. Kuyambira pamenepo malamulo asintha, koma zipinda zosungiramo ana paokha sizimangidwa tsiku limodzi. M'malo otero mwana amaphunzira zimene sakanaziphunzira kumudzi, ndipo aphunzitsi ake amakhala anthu amene anataya kale chiyembekezo.

Khoti likagamula kuti mwana akasungidwe, malo ake ali kutali. Katombora, kosungirako anyamata a milandu ikuluikulu, ili ku Kazungula kufupi ndi Livingstone. Nakambala ili ku Mazabuka. Ya atsikana, Insakwe, ili ku Ndola. Kuchoka ku Chama kupita ku Katombora umadutsa Lundazi, Chipata, Lusaka, n'kutsetserekabe kummwera, ulendo wa makilomita oposa 1,000. Kumeneko amaphunzitsa sukulu ndi ntchito zamanja monga ukalipentala ndi ulimi, ndipo alipo amene anabwerako atasintha. Koma ndi mayi uti wolima mpunga kwa Chifunda amene angapeze ndalama ya basi yokakuona? Udzakula pakati pa anthu osamva chilankhulo chako, maliro a agogo ako udzawamva patapita miyezi, ndipo mwambo wa Kwenje udzachitika kwa Kambombo iwe kulibe.

Tsopano ndilankhule ndi iwe amene unadutsamo kale, amene unabwerako ndipo anthu amakuloza ndi milomo ukamadutsa pamsika. Mlandu unali chinthu chimene unachita, kapena chimene unachitidwa. Moyo wako ukadali wautali kuposa mlanduwo. Bwerera kusukulu ngakhale ukakhale wamkulu m'kalasi monse. Kuyambira mu 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka giredi 12, ndipo thumba la ndalama za boma la CDF lili ndi gawo lolipirira ana osauka a m'sukulu zogonera komweko ndi achinyamata ofuna kuphunzira ntchito zamanja. Kafunse kwa khansala wa dera lako. Onanso amuna a m'chigwa muno amene anali akatswiri opha nyama, koma anapereka mfuti ndi mawaya awo kwa a bungwe la COMACO n'kuyamba kulima, ndipo lero mpunga wa ku Chama umagulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka. Iwo anasintha ali ndi imvi. Iwe uli ndi nthawi yambiri kuposa iwo. Chenjera ndi chinthu chimodzi: amene anakutuma poyamba adzabweranso, ndipo adzati, “Poti dzina lako linaipa kale, ukuopanso chiyani?” Ameneyo umuyankhe kamodzi kokha, pamaso pa anthu.

Ndipo inu anzake, musamuthawe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana wobwera kuchokera m'selo akapeza kuti mpira mukusewera popanda iye, kutchalitchi mukumusuntha pa benchi, kusukulu mukumutcha mkaidi, amabwerera kwa okhawo amene amamulandira, ndipo mukuwadziwa. Muitaneni kudimba, muitaneni ku kwaya, mubwerekeni makope akopere zimene zinamupita.

Ndikupemphani zinthu zochepa, ndipo zonse mungazichite sabata ino. Funsani amayi anu akuonetseni khadi yanu ya kusikelo, muone tsiku limene munabadwa. Sungani pamtima nambala ya munthu wamkulu mmodzi. Gwirizanani ndi mnzanu wapamtima kuti mmodzi akagwidwa, winayo athamange kukauza makolo nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Kenako khalani pansi ndi ang'ono anu a zaka 11 ndi 12, muwauze zimene mwamva pano, chifukwa inu mukayamba kukana, otuma aja adzatembenukira kwa iwo.